Mbiri ya chithandizo cha mitsempha ya mtima yotsekeka ndi kagundidwe ka mtima

Mtima sudya magazi amene umapopa. Magazi onse a m'thupi amadutsa m'zipinda zake zinayi, komabe mnofu wa mtimawo umalandira chakudya ndi okosijeni kudzera m'mitsempha yakeyake iwiri, wakumanja ndi wakumanzere, imene imaphuka patsinde pa mtsempha waukulu wa aorta n'kuyanga pamwamba pa mtima. Wakumanzere umagawikanso pawiri, n'chifukwa chake madokotala amakonda kunena za mitsempha itatu. Ndi yaing'ono, mamilimita 3 kapena 4 m'mimba mwake. Zaka zikamapita, mafuta amaunjikana m'kati mwa khoma la mtsempha, makamaka mwa anthu osuta fodya, odwala shuga ndiponso a BP. Tsiku lina chotupa cha mafutacho chimang'ambika, magazi amaundana pabalapo, njira n'kutsekeka. Mnofu umene umadalira mtsemphawo umayamba kufa pakangotha mphindi 20 kapena 30, ngati mmene mbewu za kumunsi kwa dimba zimafotera ngalande ikatsekeka kumtunda.

Koma chimene chimapha anthu ambiri mu ola loyamba si kufa kwa mnofuko. Mtima uli ndi magetsi akeake. Kagulu ka maselo kamene kali m'chipinda chapamwamba chakumanja kamatulutsa nyesi maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo nyesiyo imayenda mwadongosolo kuti zipinda zifinye magazi motsatizana. Mnofu wosowa okosijeni umasokoneza dongosololi. Zipinda zapansi zimatha kusiya kufinya n'kumangonjenjemera, magazi osayenda, munthu n'kugwa pomwepo. Madokotala amati VF. Pakapanda chithandizo, ubongo umawonongeka m'mphindi zowerengeka. Motero mbiri ya matendawa ili ndi nthambi ziwiri, ya njira ya magazi ndi ya magetsi, ndipo kwa zaka zambiri iliyonse inkakula payokha.

Kuzindikira matendawa mwa munthu wamoyo

Mu 1768 William Heberden anafotokozera madokotala anzake ku London za ululu wofinya pachifuwa umene umagwira munthu akamakwera chitunda, makamaka atangodya, n'kuleka akaima. Anaufotokoza bwino kwambiri koma sanadziwe gwero lake. Amene anaganizira za mitsempha ya mtima ndi Edward Jenner, yemwe uja wa katemera wa nthomba, atapeza mitsempha yolimba gwa m'mtembo wa munthu amene ankadandaula ululu womwewo. Jenner sanafulumire kufalitsa maganizo akewo chifukwa mphunzitsi wake, John Hunter, anali ndi vuto lomwelo ndipo sanafune kumuopseza. Hunter anagwa n'kumwalira mu 1793 atakangana ndi anzake pamsonkhano wa pachipatala cha St George's, ndipo atamung'amba anapeza mitsempha yake ya mtima itauma monga Jenner ankaganizira.

Kwa zaka zoposa 100 chitsatireni izi, madokotala ambiri ankakhulupirira kuti mtsempha wa mtima ukatsekeka munthu amafa nthawi yomweyo, kotero kuti nkhaniyi inali ya ofufuza mitembo. Odwala ambiri opulumuka ankauzidwa kuti ndi vuto la m'mimba kapena la ndulu. Mu 1910 madokotala awiri a ku Kiev, Obrastzow ndi Straschesko, anafotokoza zizindikiro za matendawa mwa anthu amoyo. Mu 1912 James Herrick wa ku Chicago analemba za mkulu wina wa kubanki, wa zaka 55, amene anakhala moyo maola 52 mtsempha utatsekeka, ndipo anatsindika kuti ena amachira ndithu. Madokotala amene anamumvera tsikulo sanazilabadire.

Chimene chinawakopa pambuyo pake ndi makina. Willem Einthoven wa ku Leiden anapanga chipangizo cholemba magetsi a mtima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chinkalemera makilogalamu pafupifupi 270, chinkafuna anthu asanu ochiyendetsa, ndipo wodwala ankakhala pampando ataviika manja onse ndi phazi limodzi m'ndowa za madzi amchere. Zilembo P, Q, R, S ndi T zimene anamwino amawerenga pa pepala la ECG mpaka lero anaziika ndi iyeyo, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1924. Mu 1920 Harold Pardee wa ku New York anaonetsa kuti mtsempha ukangotsekeka, mzere wa pakati pa S ndi T umakwera m'mwamba. Chizindikiro chimenechi n'chimene chimalamulabe zochita za dokotala m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi.

Za kunjenjemera kwa mtima, John MacWilliam wa ku Aberdeen anali atanena kale mu 1889 kuti ndiko kumachititsa imfa zambiri zadzidzidzi. Patatha zaka 10, Prevost ndi Battelli ku Geneva anaonetsa pa agalu kuti nyesi yaing'ono imayambitsa kunjenjemerako pamene nyesi yamphamvu imakuthetsa. Zimenezi zinagona m'mabuku pafupifupi zaka 50.

Masamba, kombe ndi bedi

Mankhwala oyamba okhudza kagundidwe ka mtima anachokera ku zomera. William Withering analemba za digitalis mu 1785, mankhwala ochokera ku masamba a duwa lina la ku Ulaya, amene amachepetsa liwiro la mtima ndi kutupa kwa miyendo. Ena anachokera m'chigwa cha Shire. John Kirk, dokotala wa paulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi, anatola kombe, ulembe umene alenje achimang'anja ankapaka ku mivi, n'kuusunga m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mkamwa anamva kuwawa, ndipo anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njere za chomera cha kombe kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza kuti mankhwala a strophanthin ochokera mmenemo angathandize odwala mtima. Njere za kombe zinasanduka malonda otumiza kunja kuchokera ku Nyasaland, ndipo dzina la sayansi la chomeracho, Strophanthus kombe, lidakalipo. Kwinini nayenso analowamo: Karel Wenckebach anaphunzira kwa wamalonda wina wachidatchi, amene ankamwa kwinini chifukwa cha malungo, kuti mankhwalawa ankathetsa kugunda kosalongosoka kwa mtima wake, ndipo mu 1918 Walter Frey anaonetsa kuti quinidine, m'bale wake wa kwinini, ndiye wamphamvu koposa.

Palibe mwa mankhwalawa amene ankatsegula mtsempha. Chithandizo chenicheni chinali morphine ndi bedi. Wodwala ankagona milungu isanu ndi umodzi osaloledwa kudzidyetsa, kudzimeta kapena kupita kuchimbudzi, poopa kuti mtima ungang'ambike. Ambiri ankafa ndi chibayo kapena magazi oundana m'miyendo amene ankakatseka mapapo. Samuel Levine ndi Bernard Lown atalemba mu 1952 ku Boston kuti wodwala azikhazikidwa pampando, ena anawaona ngati oika miyoyo pachiswe. Pulezidenti Dwight Eisenhower atadwala mtima ku Denver mu September 1955 anakhala m'chipatala pafupifupi milungu isanu ndi iwiri. Pa nthawiyo, mwa odwala 100 alionse ofika kuchipatala, pafupifupi 30 ankafera komweko, ena namwino n'kungowapeza ali zii.

Nthambi ya magetsi iyamba kubala

Mu 1947 ku Cleveland, Claude Beck ankachita opaleshoni ya pachifuwa mnyamata wa zaka 14 pamene mtima wa mwanayo unayamba kunjenjemera. Beck anaufinya ndi dzanja kwa mphindi pafupifupi 45, kenako anaika zitsulo ziwiri pamtima penipeni n'kuuomba ndi magetsi. Mnyamatayo anachira. Vuto linali lakuti njirayi inkafuna chifuwa chotsegula. Paul Zoll wa ku Boston anathetsa VF mu 1956 poomba magetsi pakhungu la pachifuwa, ndipo mu 1962 Lown anafalitsa makina a nyesi yaifupi yosawononga kwambiri mnofu, njira imene Naum Gurvich anali ataiyamba kale ku Moscow.

Chinatsala ndi kusunga ubongo pamene makinawo akubwera. Yankho linapezeka mwangozi ku Johns Hopkins, kumene injiniya William Kouwenhoven ankafufuza za anthu ogwidwa nyesi pa mapolo a magetsi. Wophunzira wake, Guy Knickerbocker, anaona kuti akatsindikiza zitsulo zolemera za makinawo pachifuwa cha galu, BP ya galuyo inkakwera. Mu 1960, pamodzi ndi James Jude, anafalitsa njira yotsindika chifuwa ndi manja, imene aliyense angaphunzire m'tsiku limodzi.

Mtima wogunda mochedwa unapezanso chithandizo chake. Pa 8 October 1958 ku Stockholm, Åke Senning anaika m'thupi la Arne Larsson pacemaker yoyamba, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, yopangidwa ndi Rune Elmqvist. Inagwira ntchito maola ochepa okha, m'mawa mwake anaikanso ina. Larsson anasinthidwa makina oposa 20 m'moyo wake, ndipo anamwalira mu 2001, dokotala ndi injiniya uja onse atatsogola kale.

Zida zonsezi zikanakhala zopanda phindu wodwala akanapitiriza kugonekedwa pabedi lakumapeto kwa wodi. Desmond Julian ananena mu 1961 kuti odwala mtima aziikidwa pamodzi, ECG yawo izioneka usana ndi usiku, ndipo anamwino apatsidwe mphamvu yoomba magetsi osadikira dokotala. Mu 1962 mawodi otere anatsegulidwa ku Sydney, ku Kansas City ndi ku Philadelphia. Imfa za m'chipatala zinatsika kuchoka pa 30 kufika pafupifupi 15 pa 100 alionse. Palibe mtsempha umene unatsegulidwa. Miyoyoyi inapulumuka chifukwa cha maso ndi manja a anamwino. Frank Pantridge wa ku Belfast anaona kuti ambiri amafa asanafike n'komwe, ndipo mu 1966 anakweza mu ambulansi makina oombera mtima magetsi aja, defibrillator, ya makilogalamu 70 yoyendera mabatire a galimoto.

Kufika pa mtsempha weniweniwo

Mu 1929, m'tauni yaing'ono ya Eberswalde ku Germany, dokotala wa zaka 25, Werner Forssmann, analetsedwa ndi bwana wake kuyesa kulowetsa kachubu mumtima wa munthu. Anadzicheka yekha pamkono, analowetsa kachubu m'mtsempha, anayenda wapansi kupita ku chipinda cha X-ray, n'kukankha kachubuko masentimita oposa 60 mpaka kanaonekera mumtima. Zimene anachitazi zinamutsekera mwayi wogwira ntchito ya mtima, ndipo anathera m'ntchito ya matenda a chikhodzodzo. Mphotho ya Nobel inamupeza mu 1956, pamodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards amene anapititsa njirayo patsogolo ku New York.

Mitsempha ya mtima yeniyeniyo inkaopedwabe. Aliyense ankati kuthiramo mankhwala oonetsa pa X-ray kungayambitse VF. Pa 30 October 1958 ku Cleveland Clinic, Mason Sones ankajambula aorta ya mnyamata wa zaka 26 pamene kachubu kanaterereka n'kulowa m'mtsempha wakumanja, mankhwala ambiri n'kuthiridwa mmenemo. Mtima unaima kwa kanthawi. Sones anakalipira wodwalayo kuti atsokomole, ndipo mtima unayambiranso. Kuchokera pamenepo anayamba kujambula mitsemphayi mwadala ndi mankhwala ochepa, ndipo kwa nthawi yoyamba dokotala anatha kuloza pamene patsekeka munthu ali moyo.

Zithunzi za Sones n'zimene René Favaloro ankakhalira kuonera usiku m'chipatala chomwecho. Iye anali wa ku Argentina, ndipo anali atagwira ntchito zaka 12 ngati dokotala wa kumudzi. Mu May 1967 anachotsa mtsempha pamwendo wa wodwala n'kuusokerera pamtima kuti magazi azilambalala potsekekapo. Vasilii Kolesov anali atasokerera kale mtsempha wa m'kati mwa chifuwa ku Leningrad mu 1964, ndipo patsogolo pake zinadziwika kuti mtsempha wa pachifuwawu ndiwo umakhalitsa. Koma ntchito ya Favaloro ndi imene inafalitsa opaleshoni ya bypass padziko lonse. Inkathetsa ululu ndipo inkatalikitsa moyo wa ena, makamaka otsekeka mitsempha yonse itatu, ngakhale kuti sinali njira yothamangira nayo pakati pa usiku.

Njira yosang'amba chifuwa inayambira kumiyendo, pamene Charles Dotter wa ku Portland anakuza mtsempha wa mayi wa zaka 82 mu 1964 n'kupulumutsa phazi limene linkayenera kudulidwa. Andreas Grüntzig, Mjeremani wogwira ntchito ku Zurich, anaganiza zoika kabaluni kunsonga ya kachubu. Mabaluni oyamba ankawapanga madzulo patebulo la m'khitchini mwake, pamodzi ndi mkazi wake, womuthandiza wake Maria Schlumpf ndi mwamuna wa Mariayo, akuotcha timachubu ta pulasitiki ndi kumanga ndi ulusi. Pa 16 September 1977 analowetsa kabaluni m'mtsempha wa kutsogolo kwa mtima wa bambo wa zaka 38, ali maso, n'kukapopa. Patatha zaka 10 mtsemphawo unajambulidwanso ndipo unali wotseguka. Grüntzig sanaone zimenezo, chifukwa anafa pangozi ya ndege ku Georgia mu 1985.

Magazi oundana: choyambitsa kapena chotsatira?

N'zodabwitsa kuti m'zaka za m'ma 1970 akatswiri ena otchuka ankatsutsa zoti magazi oundana ndiwo amayambitsa matendawa. Ofufuza mitembo nthawi zambiri sankawapeza, choncho ena ankati amaundana mnofu utafa kale. Funsoli silikanayankhidwa popanda kujambula wodwala pakati pa ululu, chinthu chimene chinkaoneka ngati kusewera ndi moyo. Marcus DeWood ndi anzake ku Spokane anachita zomwezo, ndipo mu 1980 anafalitsa zotsatira za odwala 322. Mwa ojambulidwa maola anayi asanathe, 87 pa 100 anali ndi mtsempha wotsekeka kotheratu. Mwa ojambulidwa pakati pa maola 12 ndi 24, chiwerengero chinatsika kufika pa 65. Thupi limasungunula lokha magaziwo, koma mochedwa, ndipo n'chifukwa chake m'mitembo sankapezeka. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, Keith Reimer ndi Robert Jennings anali ataonetsa pa agalu kuti mnofu sufa wonse nthawi imodzi. Imfa imayambira m'kati mwa khoma la mtima n'kumafalikira kunja kwa maola angapo. Panali mpata, ndipo mpatawo unali wa maola.

Mankhwala osungunulira analipo kale. William Tillett anaona mu 1933 kuti mabakiteriya a streptococcus amasungunula madzi a m'magazi oundana, ndipo streptokinase, mankhwala ochokera ku mabakiteriyawa, inayesedwa pa odwala mtima kuyambira 1958, koma pa anthu ochepa ndiponso mochedwa, moti phindu silinkaoneka bwino. Evgeny Chazov ku Moscow mu 1976 ndi Peter Rentrop ku Göttingen mu 1979 anathira mankhwala osungunula m'mtsempha wa mtima momwemo n'kuona pa X-ray njira ikutseguka. Umboni wokhutiritsa unachokera ku Italy mu 1986, m'kafukufuku wa GISSI wa odwala pafupifupi 11,800: imfa zinatsika kuchoka pa 13 kufika pa 10.7 pa 100, ndipo mwa olandira mankhwala mu ola loyamba zinatsika pafupifupi ndi theka. Mu 1988 kafukufuku wa ISIS-2, wa odwala 17,187, anaonjezapo asipirini. Streptokinase payokha inachepetsa imfa ndi 25 pa 100, asipirini payekha ndi 23, ndipo zonse pamodzi ndi 42. Piritsi la mugolosale linafanana mphamvu ndi diripi ya m'chipatala. Ofufuzawo atakakamizidwa kunena magulu a odwala amene anapindula koposa, anagawanso anthu potengera nyenyezi ya mwezi wobadwa, n'kuonetsa kuti obadwa pa nyenyezi ziwiri ankaoneka ngati sanathandizidwe ndi asipirini. Ankafuna kuphunzitsa owerenga kuti ziwerengero zikagawidwa tizigawo tambiri zimanena chilichonse.

Mankhwala osungunula ali ndi malire: satsegula mitsempha yonse, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi pa 100 amatuluka magazi muubongo. Geoffrey Hartzler wa ku Kansas City anayamba kulowa ndi baluni mwachindunji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ena akumunena kuti ndi wopupuluma. Mu 1993 kafukufuku wa m'magulu atatu, ku America ndi ku Zwolle m'dziko la Netherlands, anasonyeza kuti baluni imatsegula bwino koposa. Mu 2003 zotsatira za magulu 23 zitaphatikizidwa, imfa zinali 7 pa 100 kwa a baluni ndi 9 kwa a mankhwala.

Baluni inali ndi zovuta ziwiri. Nthawi zina mtsempha unkang'ambika n'kutsekeka pomwepo, ndipo mwa odwala 30 mpaka 40 pa 100 unkafinyikanso miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anaika stent yoyamba, kachubu ka mawaya olukana kamene kamatsalira m'mtsempha n'kumachirikiza khoma. Stent ya Palmaz ndi Schatz inavomerezedwa ku America mu 1994. Chitsulo chinkakopa magazi kuundana mpaka madokotala ataphunzira kupereka asipirini pamodzi ndi mankhwala achiwiri, poyamba ticlopidine kenako clopidogrel. Kufinyikanso kunachepa kwambiri pamene ma stent anayamba kupakidwa mankhwala oletsa chipsera kukula. Eduardo Sousa anaika yoyamba ku São Paulo mu 1999, yopakidwa sirolimus, mankhwala ochokera ku bakiteriya wa m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui. Ku Amsterdam, Ferdinand Kiemeneij anayamba kulowera padzanja m'malo mwa m'mphechepeche, ndipo odwala anasiya kugona chagada maola ambiri atatsindikizidwa pabala.

Zooneka zanzeru zimene sizinathandize

Opulumuka amatsala ndi chipsera pamtima, ndipo m'mphepete mwa chipseracho nyesi imatha kumazungulira n'kuyambitsa kugunda kothamanga kumene kumasanduka VF, ngakhale patapita zaka. Zinkadziwika kuti odwala amene mtima wawo umadumphadumpha pafupipafupi amafa mwadzidzidzi koposa anzawo. Choncho madokotala ankapereka mankhwala oletsa kudumphako, ndipo pepala la ECG linkaoneka losalala. Ena ankati n'kulakwira odwala kuwamana mankhwalawa pofuna kufufuza. Kafukufuku wa CAST anachitikabe, ndipo mu April 1989 mbali ya encainide ndi flecainide, awiri mwa mankhwalawa, inaimitsidwa msanga. Mwa odwala 1,498, omwalira anali 63 pa gulu lomwa mankhwala ndi 26 pa gulu lomwa mapiritsi opanda mankhwala. ECG inkakongola, anthu akufa. M'mbiri yonseyi palibe phunziro lowawa kuposa limeneli. Chizolowezi chobaya lidocaine, mankhwala enanso oletsa kudumphako, wodwala aliyense pofika m'wodi chinasiyidwanso.

Amene anathandiza ndi mankhwala ooneka ofatsa. Propranolol ya James Black, ya m'ma 1960, imatchinga mphamvu ya adrenaline pamtima, ndipo kafukufuku wa ku Norway mu 1981 ndi wa ku America mu 1982 anasonyeza kuti mankhwala a gulu limeneli amachepetsa imfa zadzidzidzi. Mu 1994 kafukufuku wa 4S, wa odwala 4,444 a ku Scandinavia, anasonyeza kuti simvastatin yotsitsa mafuta m'magazi imachepetsa imfa ndi 30 pa 100.

Michel Mirowski, wobadwira ku Warsaw amene anapulumuka nkhondo yachiwiri abale ake ataphedwa, anataya mphunzitsi wake Harry Heller ku Israel mu 1966 chifukwa cha kugunda kothamangaku. Anatsimikiza kupanga defibrillator yokhala m'thupi, yozindikira yokha VF n'kuomba. Akatswiri, kuphatikizapo Lown, anati n'zosatheka ndiponso zosafunika. Iye ndi Morton Mower analimbikira ku Baltimore, ndipo pa 4 February 1980 Levi Watkins anaika makina oyamba oterewa, otchedwa ICD, mwa mayi wina ku Johns Hopkins. Mu 2002 kafukufuku wa MADIT II anapeza kuti mwa odwala amene mtima wawo unafooka kwambiri, imfa zinali 14.2 pa 100 kwa okhala ndi ICD ndi 19.8 kwa opanda. Koma DINAMIT mu 2004 inasonyeza kuti kuika makinawa masiku 40 asanathe sikutalikitsa moyo: imfa za magetsi zinachepa, imfa zina n'kuchuluka.

Nthambi ya mitsempha inalandiranso chidzudzulo chake. Ambiri ankakhulupirira kuti mtsempha wotsekeka uyenera kutsegulidwa ngakhale mochedwa, poganiza kuti magazi akafika pa chipsera magetsi amakhazikika. Judith Hochman anatsogolera kafukufuku wa OAT, wa odwala 2,166 amene anali bwinobwino koma mtsempha uli chitsekekere masiku 3 mpaka 28. Zotsatira za mu 2006 zinasonyeza kuti stent sinachepetse imfa, kudwalanso kapena kufooka kwa mtima. Mnofu wakufa sudzuka. Funso lina linali la mitsempha inayo, popeza pafupifupi theka la odwala amapezeka ndi malo enanso ofinyika. Malangizo akale ankati asiyidwe. Kafukufuku wa COMPLETE mu 2019, wa odwala 4,041, anapeza kuti kuwakonza kunatsitsa imfa za mtima ndi kudwalanso kuchoka pa 10.5 kufika pa 7.8 pa 100 m'zaka zitatu. Kusiyana kwake ndi OAT n'koonekeratu: mitsempha imeneyi imadyetsa mnofu wamoyo.

Pamene nthambi ziwirizi zakumana

Zimene zatsala pa zoyesa zonsezi n'zakuti chitetezo chachikulu cha kagundidwe ka mtima ndi kutsegula mtsempha msanga. Chipsera chikachepa, mtima umakhalabe ndi mphamvu, ndipo nyesi imasowa pozungulira. Mtsempha ukangotseguka mtima umatha kuphonyaphonya kwa kanthawi, koma kawirikawiri zimatha zokha. VF ya m'maola 48 oyamba imathetsedwa ndi defibrillator ndipo payokha si chifukwa choikira ICD. Mtsempha wakumanja ukatsekeka mtima umakonda kugunda mochedwa, ndipo atropine kapena pacemaker yakanthawi imakwanira nthawi zambiri. Ena amayamba kugunda kosalongosoka kwa zipinda zapamwamba, AF, kumene kumabweretsa sitiroko, ndipo apa dokotala amayenera kuyeza phindu la mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ndi ngozi yotaya magazi mwa munthu amene akumwa kale mankhwala awiri a stent. Mphamvu ya mtima imayezedwanso pakatha milungu 6 mpaka 12, ndipo ICD imaganiziridwa ngati chipinda chakumanzere chikutulutsa magazi osaposa 35 pa 100 pa kugunda kulikonse.

Wodwala amene kale akanagona milungu isanu ndi umodzi, lero amatuluka pakatha masiku atatu kapena anayi ngati palibe chovuta, atauzidwa kuti aziyenda, asiye fodya, ndipo asadumphitse mankhwala. Malangizo a ku Ulaya amati ECG ijambulidwe mphindi 10 zisanathe wodwala atafika, ndipo ngati stent singatheke m'mphindi 120, apatsidwe mankhwala osungunula pomwepo, bola maola 12 asanadutse, kenako atumizidwe kukajambulidwa. Lamulo lomalizali ndilo limakhudza mayiko ambiri a kumwera kwa Sahara, kumene zipatala zoika stent n'zochepa ndipo zili m'mizinda ikuluikulu. Asipirini ndi streptokinase, mankhwala omwe aja a mu 1988, onse ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la WHO.